Sipika ya Kumanzere

Lolemba

M'mawa. Mota ya ku chigayo yapsa. Abwana akuti sipeya ifika sabata ya mawa, aliyense akapume kwawo. Chiyambireni kugaya chimanga cha anthu a m'Kawale muno, sindinakhalepo pakhomo sabata yathunthu. Ndadzuka m'mamawa monga mwa nthawi zonse, ndavala ovolosi, ndafika pageti, ndiye ndakumbukira. Ndabwerera. Ndakhala pakhonde ndi ovolosi yangayo ngati mlonda wa nyumba yanga yomwe.

Masana. Tadala waimba foni. Mwana wathu mmodzi yekhayo, amakhala ku Area 25, amaluka tsitsi pa saluni. Akuti kwaya yawo ya achinyamata yajambula nyimbo ku situdiyo, ndipo nyimbo imodzi wotsogolera ndi iyeyo. Koyamba! Ndati anditumizire pa foni. Wakana. "Foni imapha mawu, adadi. Ndibwera Loweruka ndi fulashi, tidzamvere pa chilimba chanu."

Pa chilimba changa. Mwana amene anakula akumva mawu amodzi okha pa nkhani ya chilimbachi: usakhudze.

Ndachiyang'anitsitsa lero. Ampu yakuda, yolemera ngati thumba la simenti lotsala theka. Masipika awiri amatabwa ofika m'chiuno. Ndinagula kwa mkulu wina amene ankasamukira ku Joni, Tadala asanayambe kuyenda. Kabokosi kolowetsapo fulashi ndinachita kuwonjezera pambuyo pake. M'nyumba muno chinthu chimene ndinganene kuti ndi changa, osati chathu, ndi chimenechi.

Ndaika nyimbo yanga ya gitala ya kalekale, ndakhala pakati pa sofa, ndatsinzina.

Pali vuto.

Sipika ya kumanja ili bwino: gitala, mawu, ndi tizitsulo ta pang'oma tija timati tsi-tsi-tsi. Ya kumanzere ikumveka ngati woimbayo waika mutu m'chidebe. Besi ilipo. Tsi-tsi-tsi palibe. Zinayamba liti zimenezi? Masiku ano nyimbo ndimamvera nditatopa, ndikusinza, ufa uli m'nsidze. Mwina papita nthawi.

Ndaitana amake Tadala kuti adzamve. Aima pakhomo la kukhitchini, manja ali thovu lokhalokha. "Ine ndikumva bwinobwino." Abwerera. Munthu amene amamvera wailesi pa foni ili m'thumba la epuloni, ndimayembekezera kuti anena chiyani?

Oganiziridwa:
- fumbi
- mphemvu
- waya wakale
- sipika yeniyeniyo
- ampu (Mulungu aletse)

Mwana wanga sangaimbire m'chidebe m'nyumba ya bambo ake. Ndili ndi sabata yonse.

Madzulo. Ndamasula chivundikiro cha kumbuyo kwa sipika ya kumanzere. Mphemvu zakufa zilimo, inde. Koma pansi pake ndapeza kachipeso kapinki, mabatani, mutu wa chidole, ndi kasupuni ka tiyi kamene kanasowa kalekale. Zonsezi zinalowera pa kabowo ka besi. Ndiye kuti ine ndikamati usakhudze, iye ankadikira kuti ndipite kuntchito, n'kumadyetsa sipika.

Ndakhala pansi kanthawi ndi mutu wa chidolewo m'manja. Kenako ndapukuta monse, ndatseka. Ndikuti ndiyese, magetsi thi!

Lachiwiri

M'mawa. Magetsi abwera. Ndayesa. Chimodzimodzi! Fumbi lachoka, chidebe chikadalipo.

Ndaganiza ngati munthu wa makina. Ku chigayo ukamukayikira lamba, umamuika pa makina ena n'kuona. Ndiye ndasinthanitsa masipika: ya kumanzere ndaipititsa kumanja, ya kumanja kumanzere. Msana wachita kulira.

Zodabwitsa. Sipika yodwala ija, itafika kumanja, yachira. Yabwinobwino ija, itafika kumanzere, yalowa m'chidebe.

Choncho masipika alibe mlandu. Ndawapepesa mumtima. Watsala waya ndi ampu.

Masana. Kumsika. Ndapeza waya wonenepa, mbali ina wofiira, ina wakuda. Wogulitsa akuti: "Ameneyu, madala, ngakhale nyimbo yoipa imakoma." Ndagula wautali mopitirira. Wotsalayo akhoza kuyanikapo zovala.

Ndasenda nsonga zake ndi mpeni wa kukhitchini. Ndadzicheka chala. Kuchokera kukhitchini: "Mpeni umenewo ndi wa tomato." Za chala sanafunse.

Ndalumikiza. Ndakhala pakati pa sofa. Ndatsinzina.

Chidebe!

Madzulo. A Nyirenda, oyandikana nafe, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Rumphi, asuzumira pamwamba pa mpanda. "Adada, nyimbo iyi ndaiphunzira tsopano. Ilipo ina?" Ndawaitana, ndawafotokozera zonse. Akhala pa sofa, chipewa pa bondo, amvetsera mpaka nyimbo kutha. Akuti kwa iwo mbali zonse zikumveka mofanana, koma eni ake ndine. Atamwa tiyi asintha maganizo. Akuti ngati vuto lilipo, ndiye lili mu ampu. Munthu wabwino, a Nyirenda.

Atapita ndakhala ndikuganiza. Tadala wakhala akuimba chiyambire. Akamatsuka mbale, akamasita, ngakhale akakwiya. Koma kwaya yawo imaimba kwambiri Loweruka, ndipo Loweruka ndi tsiku lodzadza ku chigayo. Iye akamaima kutsogolo kwa anthu, ine ndimakhala ndili mbuu ndi ufa, ndikukangana ndi amayi ena za kusalala kwa mgaiwa. Mawu ake enieni, oimbira anthu, sindikuwadziwa.

Lachitatu

M'mawa. Ampu ipita ku Biwi, kumene amakonza chilichonse chimene chili ndi chitsulo. Ndaikulunga m'chitenje cha amake Tadala, ndaikumbatira pachifuwa, ndakwera njinga yamoto ya kabaza. Wakabaza akuti: "Madala, mwana wanuyo ngonenepa." Ndamuuza kuti aziyenda pang'onopang'ono. Wamva ngati ndati athamange.

Wokonza ali ndi kashopu pakati pa ogulitsa matayala ndi owotcherera zitsulo. Phokoso lake! Munthu angayese bwanji mawu a chilimba pamalo otere? Koma iye sakudandaula. Watsegula, wapemerera, wagwiritsa kamita kake apa ndi apo, walumikiza ku masipika ake, wamvetsera.

"Ilibe vuto iyi, madala. Mbali zonse zikutulutsa mofanana."

Ndamuuza kuti ampu imeneyi ndakhala nayo iye asanamere ndevu. Wandiyang'ana, wayang'ana ampu, wakanda m'mutu ndi sikuludiraiva. "Chabwino, tisinthe tina." Wachotsa tizinthu tiwiri tonga timigolo, waika tatsopano. Tasiyana tonse okondwa: iye wapeza ntchito, ine ndapeza wondikhulupirira.

Masana. Ndafika kunyumba, ndamasula chitenje. Kabatani kozungulira ka voliyumu kulibe! Patsala kachitsulo kokha, katang'ala ngati dzino limodzi. Kagwera m'njira, mwina pa dzenje lija pafupi ndi mlatho pamene tonse atatu, ine, ampu ndi wakabaza, tinasiyana ndi mpando.

Ndabwerera wapansi, mutu uli pansi. Amayi ena ogulitsa nthochi afunsa ngati ndataya foni. Ndafotokoza. Ayamba kufuna nawo. Abwera ena awiri. Zomwe andipatsa:
- zitsekerero za mabotolo
- gudumu la kagalimoto ka ana
- chidendene cha nsapato

Ndathokoza onse. Voliyumu tsopano ndi ya pulayazi.

Madzulo. Ndalumikiza. Ndapotoza ndi pulayazi. Sindifuna n'kulemba komwe.

Chidebe.

Si sipika, si waya, si ampu. Nanga n'chiyani? Amake Tadala akupinda chitenje chawo, chili ndi banga la girizi. Anena kanthu akudutsa kumbuyo kwa sofa. Sindinamve bwino, sindinafunsenso. Pa nkhope pawo zimaoneka kuti sikunali kuyamikira.

Lachinayi

M'mawa. A Nyirenda abwera ndi yankho. Akuti agona nazo m'mutu. Vuto ndi chipinda! Mawu akatuluka m'sipika amagunda khoma n'kubwerera, n'kumenyana ndi anzawo amene akubwera. Kumanzere kuli windo komanso disipule, kabati yagalasi ija mumakhala mbale zimene sitidyera. Akuti galasi ndi mdani wa nyimbo. Akutinso mphwawo anaona situdiyo ina ku Mzuzu, khoma lonse mathileyi a mazira.

Zamveka zanzeru kwambiri moti ndawathira shuga wowonjezera mu tiyi.

Amake Tadala ali kumsika, kumene amagulitsa kaunjika. Sabwera mpaka madzulo. Nthawi ndi yomweyi.

Zofunika:
- mathileyi ambiri
- timisomali
- bulangete la pawindo
- kusuntha disipule

Mathileyi ndapeza kwa amayi a pa okala ya pakona. Andipatsa mulu wonse mosangalala, zomwe zikanayenera kundichenjeza. Ena ali ndi dzira louma m'mabowo.

Masana. Kusuntha disipule. Ndaganiza kuti kutulutsa mbale zonse n'kutaya nthawi, popeza tikungoikankha pang'ono. A Nyirenda agwira uko, ine uku. Mwendo umodzi wakodwa pa waya watsopano uja.

Thipoti ya pa ukwati wathu tsopano ilibe mlomo. Ndaitembenuza kuti mbali yothyokayo iyang'ane kukhoma. Mlomo wake uli m'thumba langa la malaya.

Takhoma mathileyi kuyambira pawindo mpaka pakona. Pulasitala akugwa pa msomali uliwonse. Bulangete pawindo. M'nyumba mwada, mwatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo pamene kwayamba kutentha fungo nalonso layamba. Nyerere zadziwa kale. Zikubwera pamzere kuchokera kukhitchini.

Tayesa. A Nyirenda akuti pali kusintha kwakukulu. N'zoona. Tsopano ya kumanja nayonso yafooka. Ya kumanzere ili m'chidebe chake chomwecho, sinasunthe.

Madzulo. Amake Tadala afika ndi chibelo chawo pamutu. Atula. Ayang'ana khoma, bulangete, nyerere, disipule. Atsegula disipule, atembenuza thipoti, aiyang'ana, aibwezera momwe ndinaiikira. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Tikudya, anena mawu amodzi okha: "Mukamaliza mundiuze, ndibweretse nkhuku zizigona momwemu."

Ndatulutsa mlomo wa thipoti, ndauika patebulo. Autenga, auika m'thumba la epuloni. Thipotiyo anatipatsa ndi malemu achemwali awo. Ndikudziwa, ndipo akudziwa kuti ndikudziwa.

Lachisanu

M'mawa. Ganizo lomaliza. Mwina masipika ali pansi kwambiri, mawu opyapyala aja akudutsa m'mawondo. Afunika timipando kuti afike pa msinkhu wa makutu. Ndapita kwa Che Jafali, kalipentala wa kuseri kwathu, wa ku Mangochi. Akuti akhoza kupanga, bola amalize nthawi ya kumzikiti isanakwane. Apanga ndi zidutswa za matabwa, tolimba bwino. Anyamula okha, adzaika okha.

Alowa, anunkhiza, ayang'ana mathileyi, sananene kanthu. Ulemu wa anthu a kunyanja.

Ndaika nyimbo. Aima pakati, apendeketsa mutu. "Achimwene, koma ya kumanzereyi ndiye ikulira kwambiri kuposa inzake."

Zoona, kabatani ka balansi ndakhala ndikukapotozera kumanzere pang'onopang'ono kuyambira Lolemba. Koma kulira kwambiri? Ndangomwetulira. Munthu wokhalira hamala ndi sowo tsiku lonse, makutu ake angakhale bwanji?

Masana. Che Jafali apita kumzikiti. Ndatsala ndekha. Ndati lero tione. Balansi yonse kumanzere. Kabatani ka mawu opyapyala mpaka pomaliza. Pulayazi pa voliyumu. Ndikukweza, ndikukweza. Mathileyi akunjenjemera. Mbale za mu disipule zikuyankha. Ndipo patali, pang'ono chabe: tsi-tsi-tsi. Ilipo! Ndaimva!

Pulayazi yaterereka.

Pha!

Fungo la waya wopsa. Agalu a m'dera lonse akuuwa. Sipika ya kumanzere yafa, tsopano zenizeni. Ndaigogoda, ndaigwedeza, ndaiitana ndi dzina. Zii.

Mawa Loweruka.

Ndazimitsa zonse, ndagona pa sofa chammbali, khutu la kumanja lili pa khushoni. Ndikungoyang'ana mathileyi. Kenako ndazindikira kuti kunja kwakhala bata. Agalu asiya. Wailesi ya a Nyirenda yasiya. Mpopi wa panja, umene umadontha usana ndi usiku, wasiya. Ndati mwina anthu onse athawa phokoso langa.

Ndatembenuka kuti ndidzuke. Agalu, wailesi, mpopi, zonse zabwerera.

Ndagonanso momwe ndinagonera. Zachoka. Kwatsala kung'ung'udza kwa patali, ngati anthu akulankhula m'nyumba ina.

Ngati m'chidebe.

Ndakhala tsonga. Ndatikita zala pafupi ndi khutu la kumanja: shwe-shwe-shwe. Pafupi ndi la kumanzere: zala zikuyenda, mawu palibe. Ndayesa ndi machesi m'bokosi. Ndayesa ndi makiyi. Ndapita pampopi, ndatseka khutu ili, ndatseka ilo. Ndabwerera pa sofa.

Zomwe ndikukumbukira tsopano:
- foni ndinasiya liti kuiika kumanzere?
- mu minibasi ndimalimbirana mpando wa pawindo la kumanzere, sindinadzifunsepo chifukwa chake
- ku chigayo ndimaima makina ali kumanzere kwanga, kuti dzanja lamanja lizigwira thumba. Zaka zonsezi.

Ku chigayo palibe amene amatseka makutu. Umafunika kumva lamba akayamba kuterereka.

Madzulo. Amake Tadala afunsa ngati chilimba chatheka. Ndati sipika imodzi yapsa. Ati pepani. Zinazo sindinanene. Ndikanayamba bwanji? Kuti ndathyola thipoti, ndaboola khoma, ndapha sipika yabwinobwino, pamene chowonongekacho ndayenda nacho pamutu sabata yonse?

Chimene chikundiopsa si la kumanzere. Limenelo lapita. Ndi la kumanjali. Nalonso lakhala m'chigayo momwemo.

Loweruka

M'mawa. Kuzula mathileyi. Khoma latsala ngati la munthu amene anadwala nthomba. Bulangete ndachotsa, mawindo ndatsegula, amake Tadala akolopa ndi sopo wonunkhira. Tsopano m'nyumba mukununkhira maluwa ndi dzira. Sipika yakufa ndaisiya pa kampando kake kuti ziwoneke zofanana.

Masana. Tadala wafika, tsitsi lolukidwa bwino, fulashi ili pa kachingwe m'khosi. Wayang'ana khoma. "Adadi, kunagwa matalala m'nyumba?" A Nyirenda abwera atavala jekete. Che Jafali aima pakhomo, akuti sakhalitsa. Amake Tadala avula epuloni.

Ndauza Tadala kuti sipika imodzi ikupuma. Akuti palibe kanthu. Walowetsa yekha fulashi. Sindinanene kuti usakhudze. Ndapotoza ndi pulayazi, mosamala.

Kiyibodi yayamba. Ng'oma. Kenako amuna: besi, tena, onse amphamvu. Akuyankha nyimbo. Koma akuyankha ndani? Wotsogolera akumveka patali ngati akuimbira ku Chinsapo.

Tadala wagwira pakamwa. Akuti wa ku situdiyo anawaika momwe amaimira kutchalitchi: amuna mbali ya kumanja, akazi ndi wotsogolera mbali ya kumanzere. Kumanzere!

Ndadumpha. Izi zokha ndikuzidziwa. Ndazula waya wa sipika yamoyo kumbuyo kwa ampu, ndaulumikiza polowera pa mbali ya kumanzere. Tayambiranso. Kiyibodi yachepa, amuna asowa, koma akazi abwera, ndipo pamwamba pawo mawu amodzi akukoka mpweya kuti ayambe.

Magetsi thi!

Che Jafali ayang'ana kudenga. Ine ndikadagwada kumbuyo kwa ampu, pulayazi ili m'manja.

A Nyirenda ndi amene atipulumutsa. "Mwana wanga, woimbayo si uli pompano? Tiimbire."

Wakana, wachita manyazi, akuti popanda kiyibodi sizikoma. Amayi ake amuyang'ana kamodzi. Waimirira. Ine ndakhala pa sofa. Iye anali kumanzere kwanga, pafupi ndi windo pamene pali malo. Koma wazungulira kumbuyo kwa sofa, wadzipanikiza pakati pa tebulo ndi khoma, waima kumanja kwanga.

Ndamufunsa chifukwa chake wachoka pamalo abwino. "Kuti mumve, adadi." Wanena ngati akunena kuti kunja kukutentha.

Ndayang'ana amake Tadala. Akuti adziwa kalekale. Akuti pakhomo pano aliyense amadziwa: ukafuna kupempha kanthu kwa bambo, khala kumanja, ukafuna kuwanena, khala kumanzere. Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Ndinakuuzani. Lachitatu lomweli ndinakuuzaninso. Koma ndinali kumanzere."

A Nyirenda aseka mpaka kuvula magalasi. Che Jafali atembenukira panja, mapewa akugwedezeka. Inenso ndaseka, chifukwa panalibe china chochita.

Kenako waimba.

Sindidziwa kulemba za mawu. Ndimayembekezera kamawu kopyapyala ka kotsuka mbale kaja. Si komweko. Ndi mawu a munthu wamkulu, okhuthala pansi, osathamanga. Ndikumva pamene akukoka mpweya. Ndikumva lilime likugunda mano. Pofika pobwereza, amayi ake alowa pansi pake, a Nyirenda aika besi yonjenjemera, Che Jafali alowa m'nyumba n'kumagogoda ndi zala pa sipika yakufa ija. Bokosi lake likulira bwino kwambiri.

Sindinatsinzine. Ndimamuyang'ana pakamwa, kuti ngati tsiku lina la kumanjali lidzatsatira linzake, ndidzadziwe mmene nyimboyi imaonekera.

Atamaliza wandifunsa kuti zili bwanji. Ndati aimbenso.

Lamulungu

Magetsi abwera m'mawa, Tadala atapita kale. Fulashi wandisiyira. Ndamvera akazi okha. Kenako ndasintha waya, ndamvera amuna okha. Nyimbo imodzi ndikuimva kawiri. Amene ali ndi masipika awiri alibe mwayi umenewu.

Mmene zinthu zilili:
- sipika imodzi yamoyo
- khutu limodzi lamoyo
- zonse ziwiri kumanja, ndiye zikugwirizana
- khoma lofuna pulasitala
- thipoti yofuna guluu
- waya wotsala, amake Tadala ayanikapo kale matawulo

Sipika yakufayo aikapo kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki. Akuti ndi pamene yayamba kugwira ntchito.

Ku chipatala ndipita mkati mwa sabata. Tadala akuti andiperekeza, chifukwa akudziwa kuti ndekha ndikafika pageti n'kubwerera. Sindikuyembekezera kuti akachotsamo kachipeso ndi mutu wa chidole n'kundiuza kuti basi mwachira. Ndikungofuna andiuze mmene ndingasungire lotsalali. Mota ikabwera ndibwerera ku chigayo, kulibe kwina. Ndagula thonje lotsekera m'makutu. Anzanga akaseka, aseke. Ndikawaika kumanzere.

Kutchalitchi ndasintha malo. Ndakhala kumapeto kwa benchi, khoma kumanzere, mpingo wonse kumanja. Kodi anthu amaimba mokweza chonchi masiku onse? Pali abambo ena kumbuyo kwanga amene amaphonya nyimbo iliyonse. Ndapemphera nawo kwa zaka zambiri ndikuwayesa munthu wofatsa.

Pobwerera, tikuyenda m'mbali mwa msewu, dzuwa likuswa mtengo. Amake Tadala ali kumanzere kwanga monga mwa chizolowezi. Ndaona pakamwa pawo pakuyenda. Akulankhula, akugwedeza mutu, akuloza ndi chala, okhaokha. Ndaima. Ndawazungulira, ndawaika kumanja.

Akhala chete.

Ndati apitirize. "Aa, ndamaliza." Tayenda pang'ono. Kenako akuti si zonse zimene amalankhula mbali inayo zimakhala zondinena. Zina zimakhala zabwino, kungoti n'zosavuta kunena kwa munthu amene sakumva.

Ndafunsa kuti za lero zinali ziti.

"Za lero ndimati mabatani a malaya mwamanga mophonya kuyambira m'mawa."

Ndayang'ana pachifuwa. Zoona. Mpingo wonse waona. Ndawasiya momwemo mpaka kunyumba, ndipo iwo sanabwererenso kumanzere.